Dzina likada ku CRB, ngongole ya nyumba ingathekebe?

Ingatheke, koma musayambire kubanki. Yambani mwaona zimene banki idzaone ikangolandira fomu yanu. Lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, lomwe linakonzedwanso mu 2016, limalamula mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama kupereka mbiri ya makasitomala awo ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole (ma CRB), monga Credit Data CRB ndi TransUnion. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mukapemphe lipoti lanu, muliwerenge mzere ndi mzere.

Ambiri amadabwa ndi zimene amapezamo. Kawirikawiri dzina limada ndi tizinthu tating'ono: ngongole ya pamalipiro yomwe inatsala miyezi iwiri munthu atasintha ntchito, cheke chobwerera, kapena ngongole ya mlamu yomwe munasainira ngati mboni yomuyimira (guarantor) iye n'kusiya kubweza. Kusainira munthu n'kuvomera kuti akalephera, ngongoleyo ndi yanu.

Mukapeza ngongole yomwe munamaliza kalekale ikuonekabe, lembani kalata yodandaula ku bungwe losunga mbirilo komanso kwa amene anakukongozani, muphatikizepo malisiti. Akakunyalanyazani, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabungwewa. Ngati ngongoleyo ndi yoona, palibe njira yachidule. Kambiranani ndondomeko yobwezera, mumalize, ndipo musachoke popanda kalata yotsimikiza kuti mulibenso ngongole. Mbiri yakale siifufutika tsiku lomwelo, koma wowunika fomu amasiyanitsa ngongole yothawidwa ndi yobwezedwa mochedwa. Wina akakuuzani kuti mumpatse ya fanta akuchotsereni dzina, ameneyo akungofuna kukudyerani.

Kenako pamafunika nthawi. Kwa miyezi 6 mpaka 12, malipiro kapena ndalama za bizinesi zizidutsa mu akaunti imodzi, ndipo chilichonse choyenera kudulidwa chizipeza ndalama zilimo. Wogulitsa mu Limbe amene amasunga ndalama m'thumba ndi ku banki m'khonde angakhale wokhulupirika kwambiri, koma banki ilibe poonera. Za katapila nazo zimaonekera: malipiro akamalowa pa 27 n'kutuluka onse pa 28 mwezi ndi mwezi, sitetimenti imaulula yokha.

Tsopano masamu, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mu February 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera pamwamba pa reference rate (chiwongola dzanja choyambira chomwe mabanki amatsata) malinga ndi mmene akumuonera wobwereka. Wa mbiri yokayikitsa amamuwonjezera zambiri. Tingoyerekeza kuti mwabwereka K40 miliyoni pa 28 peresenti kwa zaka 15. Pamwezi muzilipira pafupifupi K948,000, ndipo mwezi woyamba K933,000 ya ndalamayi ndi chiwongola dzanja chokha. Ngongole yeniyeni yatsika ndi K15,000 basi. Mukasankha zaka 10, pamwezi ndi pafupifupi K996,000. Kusiyana kwake ndi K48,000 yokha, koma mwadula zaka zisanu zathunthu. Choncho kutalikitsa zaka sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi dipoziti: K1 miliyoni iliyonse yomwe simunabwereke ikuchotserani pafupifupi K23,700 pamwezi pa ngongole ya zaka 15 ija, ndipo banki imafewa mtima ikaona kuti inunso mwaikapo zanu zambiri. Kumbukiraninso kuti chiwongola dzanjachi chimasintha. Chikakwera, zolipira zanu zikweranso.

Nyumbayo nayonso imayesedwa ngati mwini wake. Banki imafuna title deed (chikalata cha boma cha umwini wa malo) yoti ilembetsepo chikole ku ofesi ya za malo. Nyumba zambiri ku Ndirande, Mbayani kapena Bangwe zinagulidwa ndi kalata ya amfumu kapena pepala la mgwirizano, ndipo ngakhale ili ya malata atsopano ndi mpanda wa njerwa, pepala lotere banki siilandira. Musanapereke kalikonse kwa wogulitsa, loya akafufuze ku ofesiko ngati dzina lili pa title deed ndi lake, ngati nyumbayo siinapinyolitsidwe kale, zaka zotsala pa lease (nthawi yomwe malowo anabwerekedwa), komanso ngati kulibe ngongole ya msonkho ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre kapena ya malo ku Malawi Housing Corporation. Sungani padera ndalama za wowerengera mtengo wa nyumba, loya, stamp duty (msonkho wa boma pa zikalata zogulira nyumba) ndi inshulansi.

Ngati malipiro anu okha sakukwana, mutha kufunsira limodzi ndi akazi kapena amuna anu, bola mbiri yawo ikhale yoyera, pakuti nawonso adzawafufuza. Ndipo musamwaze mafomu m'mabanki asanu nthawi imodzi. Pitani ku banki yomwe malipiro anu amadutsira, kalata yomalizira ngongole ija ili pamwamba pa mafomu, ndipo nkhani ya ngongole yakaleyo muiyambe ndinu asanakufunseni.