Imelo igogode, koma musaipatse makiyi

Osamalira maseva amakonda kanjira aka: imelo ikangofika pa adilesi inayake, pulogalamu yaing'ono yomwe amati script imayamba yokha kugwira ntchito, mwina kulemba dandaulo la kasitomala, mwina kusunga fayilo yomwe yabwera. Kukonza kwake sikuvuta. Pa Postfix kapena Sendmail, mapulogalamu olandira ndi kutumiza maimelo pa seva, mumalemba mzere umodzi mu fayilo ya /etc/aliases: dzina la adilesi, chizindikiro cha | ndi pomwe script ili, kenako n'kuyendetsa lamulo la newaliases. Basi, kalata yonse izilowa mu script ngati madzi m'paipi.

Koma pakhomo limeneli aliyense akhoza kugogoda. SMTP, njira yotumizira maimelo, inakhazikitsidwa mu 1982, makompyuta olumikizana akadali ochepa ndiponso okhulupirirana. Mpaka lero wotumiza amalemba dzina lililonse limene wafuna pa mzere wa From. Script yomwe imangoona dzina la abwana n'kumvera ili ngati mlonda amene amatsegula geti chifukwa wogogodayo wati "ndine". SPF ndi DKIM, njira zoonera komwe imelo yachokera, zimathandiza, koma zimatsimikizira domeni (gawo la adilesi lotsatira @), osati munthu. Ngati kalatayo ikulamula chinthu chachikulu, ine ndimafuna siginecha ya PGP, chidindo chapakompyuta chotsimikizira amene walemba, ndipo tsiku ndi nthawi zikhale m'kati mwa mawu osainidwawo kuti wina asaitumizenso mawa.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutenga mutu wa kalata n'kuulowetsa momwe ulili mu lamulo la shell, pulogalamu yomwe imayendetsa malamulo olembedwa pa seva. Wochenjera amangoika chizindikiro cha ; m'mutuwo n'kuwonjezera lamulo lake, seva n'kuchita. Akatswiri nawonso zinawagwera. Mu 1988 Morris worm, pulogalamu yodzifalitsa yokha, inalowa m'makompyuta ambiri kudzera mu lamulo la DEBUG la Sendmail, ndipo mu 2019 Exim, pulogalamu inanso ya maimelo, inapezeka ndi bowo loti adilesi ya wolandira yokha inkatha kuyendetsa lamulo ndi mphamvu za root, akaunti yolamulira seva yonse.

Ndiye script ikhale yopanda mphamvu. Postfix imayendetsa malamulo a mu /etc/aliases ngati nobody, akaunti ya mphamvu zochepa, koma ndi bwino kuipangira script akaunti yakeyake mu fayilo ya master.cf kudzera pa pipe, gawo la Postfix lomwe limakaniratu root. Sendmail ili ndi smrsh, imene imalola mapulogalamu okhawo amene mwawaika m'foda yapadera.

Chimene ine ndimachita ndi ichi: script yolandira imangosunga kalata m'foda n'kutuluka. Pulogalamu ina imabwera pambuyo, kuona siginecha, n'kuyerekeza pempholo ndi mawu ochepa amene ikuwadziwa kale. Mawu achilendo imawataya. Dzina la fayilo yomatidwa pa kalata siiligwiritsa ntchito, imapanga lake.

Pali kanthu kena komwe ambiri amaiwala. Script ikalephera chifukwa cha vuto la kanthawi, monga disiki kudzaza, ituluke ndi nambala 75, yomwe imauza seva kuti vutolo ndi la kanthawi. Seva idzasunga kalatayo n'kuyesanso nthawi ina, m'malo moibweza kwa mwini wake.