Zida za ndege za kaunjika sizitchipa monga timaganizira

Ku Kasungu kuno tinazolowera kaunjika, ndipo tikamacheza za ndege zing'onozing'ono zomwe zimatera pabwalo lathu, ambiri amati woyendetsa ndege yakeyake angapulumutse ndalama pongogula wailesi kapena GPS yakale pa intaneti. Maganizowa ndi akalekale, koma ngolakwika.

Mtengo wa chida ndi chiyambi chabe. Chida chomangirira mu ndege amachiika ndi injiniya wa laisensi, amene amayala mawaya, kuyesa ndi kusaina m'buku la ndegeyo. Ntchito imeneyi nthawi zina imadya ndalama zofanana ndi chidacho. Chikabwera chopanda pepala lotsimikiza kuti nchoyenera kuuluka, monga FAA Form 8130-3 ya ku America kapena EASA Form 1 ya ku Ulaya, injiniya wosamala amachikana. Basi, mwagula chokongoletsa pashelefu.

Chitsanzo chomwe chimandiopsa ndi ELT, kachida kolira pa wailesi kuitana opulumutsa ndege ikagwa. Zakale za 121.5 MHz zimatchipa kwambiri, koma masetilaiti a Cospas-Sarsat, othandiza kupeza anthu ochita ngozi, anasiya kuzimvera mu February 2009. Pano amamvera za 406 MHz. Tangoganizani mwagwera m'nkhalango ya Kasungu National Park, kachidako kakulira, masetilaiti osakamva.

GPS nayo imafuna mapu atsopano masiku 28 aliwonse, ndipo amalipiritsa m'madola.

Kopulumutsira ndalama kulipo ndithu: zida zonyamula m'manja. Mahedifoni akale abwinobwino, wailesi yapamanja yosungira pangozi, kapena tabuleti yokhala ndi pulogalamu ya mapu a ndege ya SkyDemon sizifuna injiniya. Zomangirirazo, yambani mwafunsa mtengo woikira musanatumize ndalama.