Moshe Dayan: ulemu wa 1967 ndi mlandu wa 1973

Dziko likapita ku nkhondo, pamakhala anthu awiri amene ambiri amawasokoneza: mkulu wa asilikali ndi nduna ya chitetezo. Woyamba amavala yunifolomu, ndipo ntchito yake ndi kukonza ndi kumenya nkhondoyo. Wachiwiri ndi wandale, amene amayang'anira asilikali m'malo mwa boma ndi anthu amene anavota. Vuto limabwera ndunayo ikakhala kuti inalinso mkulu wa asilikali, chifukwa malire a ntchito ziwirizi amafufutika. Ku Israel zimenezi zachitika kangapo, ndi Yitzhak Rabin, Ehud Barak, Shaul Mofaz, Moshe Ya'alon ndi Benny Gantz. Koma amene nkhani yake imaonetsa vutoli poyera ndi Moshe Dayan.

Dayan anabadwa mu 1915 ku Degania, pafupi ndi Nyanja ya Galileya, nakulira m'mudzi wa alimi wa Nahalal. Analowa gulu lankhondo la Ayuda la Haganah akadali mnyamata, ndipo mu 1939 atsamunda a ku Britain anamutsekera m'ndende ya Acre. Atatuluka mu 1941 anamenya nkhondo kumbali ya omwewo amene anamumanga, polimbana ndi asilikali a France a boma la Vichy, lomwe linkagwirizana ndi Germany, ku Lebanon. Kumeneko chipolopolo chinamenya magalasi oonera patali amene anagwira, zidutswa zake n'kuphulitsa diso lake lamanzere. Kansalu kakuda kamene ankaphimba nako disolo ndi komwe dziko lonse linamudziwira. Anakhala mkulu wa asilikali kuyambira mu 1953 mpaka 1958, natsogolera nkhondo ya ku Sinai ya 1956, kenako analowa ndale n'kukhala nduna ya zaulimi mpaka 1964.

Mu Meyi 1967, Egypt inaunjika asilikali ku Sinai n'kutseka njira ya panyanja ya Tiran. Anthu a ku Israel anagwidwa mantha, ndipo sankakhulupirira kuti nduna yaikulu Levi Eshkol, yemwe ankagwiranso unduna wa chitetezo, angathe. Anamukakamiza, ndipo pa 1 Juni anapereka undunawo kwa Dayan. Nkhondo inayamba pa 5 Juni, n'kutha pa 10 Juni.

Apa m'pofunika kuwerenga masiku. Munthu sangakonze nkhondo yotere m'masiku anayi. Dongosolo lophwanya ndege za Egypt zikadali pansi linakonzedwa kwa zaka, ndipo mkulu wa asilikali anali Rabin. Komabe chithunzi chimene chinazungulira dziko chinali cha Dayan akulowa mu mzinda wakale wa Jerusalem atavala yunifolomu, ngakhale anali nduna. Sindikunena kuti sanachite kanthu. Kubwera kwake kunalimbitsa mitima ya asilikali, ndipo zigamulo zina zazikulu zinali zake. M'mawa wa pa 9 Juni anaimbira foni David Elazar, mkulu wa asilikali a kumpoto, n'kumulamula kuti akalande mapiri a Golan a ku Syria, osauza kaye Rabin kapena Eshkol. Nkhondo itapambanidwa, panalibe amene anafuna kufunsa ngati nduna ili ndi mphamvu yochita zimenezo.

Madera olandidwa anaikidwa pansi pa unduna wake, motero Dayan anakhala wolamulira wa anthu a ku Palestine pafupifupi miliyoni imodzi amene sanamusankhe. Anasiya malo opatulika a Al-Aqsa m'manja mwa bungwe la Asilamu la Waqf, ndipo analola kuti milatho ya pa mtsinje wa Jordan ikhale yotsegula kwa amalonda ndi achibale. Koma pansi pa ulamuliro womwewo nyumba za oganiziridwa kuti akuukira Israel zinkagwetsedwa, anthu ankathamangitsidwa, ndipo midzi yoyamba ya Ayuda inamangidwa m'maderawo. Mavuto a zimenezi mabanja akuwasenzabe lero.

Tsopano tifike pa 6 Okutobala 1973. Mbandakucha wa tsikulo uthenga unafika woti Egypt ndi Syria ziukira lomwelo. Elazar, yemwe tsopano anali mkulu wa asilikali onse, anapempha zinthu ziwiri: kuti ndege ziyambe kuukira Syria, ndi kuti asilikali onse okhala kunyumba, oitanidwa pa nthawi ya nkhondo, aitanidwe. Dayan anakana zonse ziwiri, nati aitanidwe ochepa chabe. Mkangano unapita kwa nduna yaikulu Golda Meir, yemwe anakana zoyamba kuukira koma analola kuitana asilikali ochuluka kuposa amene Dayan ankafuna. Maola ofunika anatayika akukambirana. Nkhondo inayamba cha m'ma 2 koloko masana, ndipo pomatha Israel inali itataya asilikali oposa 2,600.

Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi mkulu wa oweruza Shimon Agranat. Mu Epulo 1974 bungweli linaika mlandu pa Elazar ndi mkulu wa akazitape a usilikali, Eli Zeira, koma Dayan ndi Meir linawayeretsa. Maganizo ake anali oti nduna iyenera kuyezedwa ngati munthu wamba amene amadalira malangizo a akatswiri. Ine apa sindigwirizana nalo ngakhale pang'ono. Dayan anapatsidwa undunawo chifukwa choti anali katswiri wa nkhondo, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi mawu ake pa nkhani za chitetezo ankalemera kuposa a wina aliyense m'boma. Sizingatheke kuti akhale jenerale pa tsiku lolandira ulemu, n'kusanduka munthu wamba pa tsiku loyankha mlandu. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anthu nawo sanavomereze. Motti Ashkenazi, msilikali amene anagwira linga limodzi la kufupi ndi ngalande ya Suez osagonja, anali atayamba kale mu Febuluwale kuima yekha ndi chikwangwani kunja kwa ofesi ya nduna yaikulu, ndipo anthu zikwizikwi anamutsatira. Meir anatula pansi udindo mu Epulo momwemo, ndipo boma latsopano la Rabin linalibe Dayan. Mu 1976 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lalikulu la asilikali lonena momveka kuti asilikali ali pansi pa boma, nduna ya chitetezo imawayang'anira m'malo mwa boma, ndipo mkulu wa asilikali amamvera ndunayo. Elazar anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 50.

Dayan anabwereranso mu 1977 ngati nduna yoona za kunja m'boma la Menachem Begin, wa chipani china, zimene anzake a chipani chake chakale cha Labour anaziona ngati kuwagulitsa. Anakumana mwachinsinsi ku Morocco ndi Hassan Tuhami, nthumwi ya pulezidenti wa Egypt Anwar Sadat, ndipo anali m'gulu lokambirana za mtendere ndi Egypt ku Camp David, ku America, mu 1978. Pangano la mtendere la 1979 linabwezera Egypt dera lonse la Sinai. Mu Okutobala chaka chomwecho anatula pansi udindo posagwirizana ndi Begin pa tsogolo la anthu a ku Palestine. Chipani chake chatsopano, Telem, chinangopeza mipando iwiri pa chisankho cha 1981, ndipo anamwalira pa 16 Okutobala chaka chomwecho.