Kabati yakale imadziwika kumbuyo ndi kunsi kwake

Anthu ambiri akaona mpando wakuda bii, wa miyendo yopindika, wosemedwa maluwa pamsana, amangoti uwu ndi wamakedzana. Ife amene timakonza mipando ndi makabati akale, maonekedwe a kutsogolo sitifulumira kuwakhulupirira. Kapangidwe n'kosavuta kutengera. Kalipentala waluso wa ku Ndirande mutamupatsa chithunzi, atha kukupangirani mpando wofanana ndi wa ku London wa mu 1760. Chomwe chingamuvute ndi kubwereza zipsera za zida za mmisiri wa nthawi imeneyo, ndi zimene zaka zachita pa thabwalo. Zimenezi zimabisala kumbuyo, kunsi ndi m'kati mwa madirowa, kumene mmisiri sankayembekezera kuti wina adzasuzumirako.

Pa malonda amenewa, chinthu chimatchedwa antique chikakwanitsa zaka 100. Koma ukalamba wokha suonjezera mtengo. Mpando nambala 14 wa kampani ya Thonet, umene unayamba kupangidwa mu 1859 popinda mitengo ndi nthunzi, unatuluka m'mafakitale mamiliyoni ambiri, ndipo ngakhale wakale ndithu sugulidwa ndalama zoopsa. Zimene osonkhanitsa amalimbirana ndi zimene mmisiri anapangira munthu mmodzi, pa oda, molingana ndi chipinda chake.

Kudziwa nyengo kumathandiza, makamaka kwa abale athu a ku Britain amene amakumana ndi katunduyu pa okushoni. Ku England, mpaka cha m'ma 1660 amisiri ankadalira thabwa la oak, ndipo mipando inali yolemera, yowongoka. Kenako kunabwera walnut, ndipo m'nthawi ya Mfumukazi Anne, kuyambira 1702 mpaka 1714, miyendo yokhota ngati ya nyama ija inafala. Mu 1721 boma la Britain linachotsa msonkho pa matabwa ochokera ku madera amene linkalamulira ku America, ndiye mahogany a ku Jamaica anayamba kufika ochuluka. Thabwa limeneli ndi lolimba ndipo limalola kusema zinthu zing'onozing'ono, n'chifukwa chake mipando ya pakati pa zaka za m'ma 1700 ili ndi misana yosemedwa mwaluso chonchija. Mahogany amenewo ndi a banja limodzi ndi mbawa yathu, koma mbawa ya mu Africa inayamba kufika yambiri ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Tebulo la mbawa limene akulitcha la 1750 ndi lokayikitsa kuyambira pa thabwa pomwe.

Dzina limene limasokoneza anthu koposa ndi la Thomas Chippendale, mmisiri amene anali ndi shopu ku St Martin's Lane ku London ndipo anamwalira mu 1779. Mu 1754 anasindikiza buku la zithunzi za mipando, amisiri a ku England ndi ku America nayamba kutengeramo. Ndiye wogulitsa akanena kuti mpando ndi Chippendale, kawirikawiri akunena kapangidwe chabe. Chippendale mwiniwakeyo sankadinda dzina pa katundu wake. Zimene zimatsimikizika kuti ndi za mu shopu yake ndi zimene malisiti ake adakalipo, monga za ku Dumfries House ku Scotland ndi Harewood House ku Yorkshire. Onjezani apo kuti m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, 1837 mpaka 1901, amisiri anatengera kapangidwe kameneka mochuluka. Mpando wotere wa mu 1890 ndi wakale ndithu, ndi wokongola, koma usagulidwe pa mtengo wa mpando wa mu 1760. Ku Paris zinali zosiyana: kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1700 mpaka 1791 amisiri a m'bungwe lawo ankakakamizidwa kudinda dzina, ndipo pambali pake nthawi zambiri pamakhala zilembo JME, chizindikiro cha oyang'anira bungwelo. Chidindo chimakhala pobisika, monga pansi pa mwala wa pamwamba pa kabati. Nachonso achinyengo amachipanga, choncho chisakhale umboni wokhawo.

Tsopano sololani dirowa, muitulutse yonse, mupite nayo powala. Pa ngodya pamene thabwa la kutsogolo lakumana ndi la m'mbali pali mano olowana aja timawatcha dovetail. Odulidwa pamanja amakhala ochepa, atatu kapena anayi, ndipo salingana ndendende: lina lonenepa pang'ono, lina lopendekeka. Mukayang'anitsitsa muona kamzere kopyapyala kamene mmisiri anakanda polemba pofika sowo, ndipo pena sowoyo inapitirira mzerewo pang'ono. Mano a makina, amene anafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, amakhala ambiri, ofanana onse, otalikirana mofanana. Tembenuzani dirowayo, muyendetse chala kunsi kwake modutsa mizere ya thabwa. Thabwa lopalidwa ndi puleni ya pamanja limamveka timafunde tosaya, timene maso satha kuona koma chala chimatimva. Zipsera za sowo nazo zimanena zambiri: zowongoka koma zosalingana ndi za sowo ya pamanja, zokhota ngati uta ndi za sowo yozungulira ya makina, imene sinali yofala m'zaka za m'ma 1700.

Zitsulo zimathandiza, bola musamasule zambiri. Sikuluu yakale, ya nthawi isanafike 1850, imakhala yosasongoka kumapeto, ndipo mpata wa pamutu pake nthawi zambiri sukhala pakati penipeni chifukwa unkadulidwa pamanja. Sikuluu ya mutu wa mtanda ndi ya m'ma 1930 kubwera kuno. Misomali yozungulira imene timagula lero inafala cha m'ma 1890. Isanabwere inali ya ngodya zinayi. Sikuluu imodzi yatsopano pa hinje si mlandu, chifukwa zinthu zimakonzedwa pa moyo wake. Koma zikakhala zatsopano zonse, popanda mabowo akale pafupi, kabatiyo ndi yatsopano.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi kufota kwa thabwa, chifukwa palibe angakufulumizitse bwinobwino. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi, osati m'litali. Tebulo limene linali lozungulira ndendende zaka 200 zapitazo, lero mukaliyeza ndi tepi mbali ziwiri mupeza kuti mbali yodutsa mizere ya thabwa ndi yofupikirako. Kutha kwake nakonso kukhale pamalo oyenera: pa mtanda wa kutsogolo kwa mpando pamene mapazi ankaponda, pa mikono pamene manja ankagwira, m'mphepete mwa dirowa pamene inkakhulana. Wachinyengo amamenya ndi tcheni paliponse, ngakhale pamene dzanja silifika. Thabwa lofumbwa zenizeni lili ndi timabowo tozungulira timene njira zake zimakhota m'kati. Mabowo oboola ndi chitsulo amalowa chowongoka. Ndipo mukaona tinjira ta tizilombo titayala poyera pamwamba pa thabwa, dziwani kuti linachekedwa litafumbwa kale, kutanthauza kuti ndi thabwa lakale limene apangira chinthu chatsopano.

Chinyengo chovuta kuchigwira ndi kulumikiza zinthu ziwiri zakale: kabati ya mabuku pamwamba, desiki ina pansi. Zonse ndi zakale, koma sizinabadwire pamodzi. Zungulirani kumbuyo. Matabwa a kumbuyo kwa chapamwamba ndi chapansi ayenera kukhala a mtundu umodzi, odetsedwa ndi zaka mofanana, ochekedwa ndi zida zofanana.

Amene ali ku Johannesburg kapena Cape Town adzakumana ndi mipando ya ku Cape, ya thabwa lakuda la stinkwood losakaniza ndi loyera la yellowwood, yokhalira yake yolukidwa ndi timizere ta chikopa. Zikopazo zimasinthidwa zikatha, ndipo zimenezo sizichotsa mtengo. Chofunika ndi mafelemu.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali imene imandikhudza mtima. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene Robert Laws anayambitsa ku Khondowe mu 1894, inkaphunzitsa ukalipentala. Anyamata amene anaphunzira m'mashopu a mishoni ndi amene anapanga mabenchi a m'matchalitchi, matebulo a m'maofesi ndi makabati a m'nyumba za aphunzitsi ndi abusa. Ntchito yawo ina yapitirira kale zaka 100. Ndi ya mlombwa, mbawa kapena mkungudza wa ku Mulanje, yolumikizidwa ndi mano odulidwa pamanja, yopanda zokongoletsa zambiri koma yolimba zedi. Bokosi la mkungudza mukalitsegula limanunkhirabe, ndipo chiswe sichilikonda. Mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, choncho thabwa lalikulu la mkungudza ngati la makabati akale simungalipezenso mwalamulo mophweka. Komabe makabati oterewa ndi amene akuponyedwa m'khitchini ya panja kuti mulowe ya chipboard yonyezimira, imene ikanyowa kamodzi imafufuma. Amisiri athuwa sankadinda mayina, ndiye mbiri ili m'mitu mwa agogo. Afunseni adakali moyo: anapanga ndani, kuti, chaka chiti, pa chochitika chanji. Lembani pa pepala, musunge m'dirowa momwemo pamodzi ndi chithunzi chilichonse chakale chimene kabatiyo ikuonekamo.

Chimene chimaononga katundu wakale kuposa chiswe ndi sandipepa ndi vanishi. Khungu lakuda lowala limene thabwa limakhala nalo pambuyo pa zaka zambiri za kugwiridwa ndi kupukutidwa ndi limene ogula odziwa amalipirira, ndipo likachoka silibwereranso. Pukutani ndi kansalu kofewa, mupake phula la njuchi pang'ono kamodzi pa chaka, muchotse padzuwa ndi pa simenti yachinyezi. Mwendo ukagwedera, mmisiri agwiritse guluu wa zikopa amene amasungunuka ndi madzi otentha, kuti wodzakonza m'tsogolo adzathe kumasula; asakhomepo msomali. Zogwirira zakale zikathyoka musataye, zisungeni.

Pogula, funsani wogulitsa alembe pa lisiti zimene akunena pakamwa: nyengo, mtundu wa thabwa, ndi zimene zinakonzedwapo. Ngati mukufuna kudutsa nacho malire, yang'anani ngati chili ndi minyanga ya njovu kapena thabwa la rosewood, chifukwa zimenezi zili pansi pa pangano la CITES, la mayiko loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi ya kutha, ndipo zingafune chilolezo. Ku Britain, kuyambira mu 2022, kabati yokhala ndi tizidutswa ta mnyanga imaloledwa kugulitsidwa pokhapokha ngati inapangidwa 1947 isanafike, mnyangawo ndi wosafika magawo 10 pa 100 a chinthu chonsecho, ndipo yalembetsedwa ku boma.