Khomo la mzikiti ku Mzuzu ndi mbiri yake

Ku Mangochi kapena ku Machinga mwana amabadwira m'Chisilamu. Adhana, kuitanira anthu ku mapemphero, amaimva ali kumsana kwa amake, madrasa amapita ndi anzake, akakhala mnyamata amadutsa ku jando. Ku Mzuzu sizili choncho, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya chigawo cha Kumpoto.

Chisilamu chinabwera ndi amalonda achiswahili. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota m'ma 1840, ndipo m'ma 1870 mafumu achiyao monga Makanjira anachilandira, anthu awo n'kutsatira. Koma Kumpoto dzina limene linatsala m'makutu mwa anthu ndi la Mlozi wa ku Karonga, wogulitsa akapolo amene anapachikidwa mu 1895. Apa n'kuti mishoni ya Livingstonia itakwera kale ku Khondowe mu 1894, sukulu zake zikufalikira m'midzi. Mtumbuka, Mtonga kapena Mnkhonde anakula akuona Chisilamu ngati chipembedzo cha eni ake, cha kutali, chokumbutsanso zowawa.

Mzuzu ndi mzinda wa obwera. Unayamba m'ma 1940 ndi esiteti ya mitengo ya tung (ya njere zoyengera mafuta), n'kudzakhala mzinda mu 1985. Asilamu anafika monga anafikira ena onse: matelala, ogulitsa nsomba, madalaivala, Amwenye a masitolo, amalonda ochokera ku Tanzania. Ku Chibavi, Mchengautuba ndi Zolozolo anachita lendi mpanda umodzi ndi a CCAP ndi Akatolika. Panalibe mfumu yolowetsa mudzi wonse. Munthu ankabwera yekhayekha, atakopeka ndi mnzake wa pamsika kapena atayitanidwa ku futari, chakudya chomasulira kusala, m'mwezi wa Ramadhani.

N'chifukwa chake kalandiridwe ka mlendo m'mizikiti ya ku Mzuzu n'kodekha, ndipo ine ndimakakonda. Mlendo amamusonyeza povula nsapato, amamukhazika kumbuyo aone swala mmene imayendera. Amayi amalandiridwa ndi amayi anzawo. Pambuyo pake shehe amakhala naye pamkeka: "Funsani, achimwene, musaope." Wokulira m'tchalitchi sachedwa kufunsa za Yesu, ndipo amadabwa kumva kuti Isa, dzina la Yesuyo m'Chisilamu, ndi mneneri wolemekezeka komanso kuti m'Qur'an muli sura yonse yotchedwa Mariam. Shehe wodziwa ntchito yake sathamangira shahada, mawu a umboni amene munthu amanena polowa Chisilamu, poti Qur'an 2:256 imanena kuti palibe kukakamiza m'chipembedzo. Wasankha kulowa amayamba ndi wudhu (kusamba kwa mwambo asanaswali), kenako mavesi 7 a Fatiha (sura yoyamba ya Qur'an), zilembo za Chiarabu za alifu, baa, taa zikubwera pang'onopang'ono, kufotokoza kuli m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Kaphunzitsidwe ka pakhondeka n'kakale. Mashehe oyendayenda monga Abdallah Mkwanda, amene anamwalira mu 1930, ndi mmene ankachitira m'midzi ya kunyanja.

Chovuta chimayambira kunyumba. Makolo amamva ngati mwana wawataya. Pamabuka nkhani ya mdulidwe, ya nyama yozinga Msilamu, ya dzina latsopano, ndipo yoopsa kwambiri ndi ya maliro: adzamuika ndani, mwa mwambo uti? Mlendoyo amapezanso kuti Asilamu okhaokha anasiyana kalekale, a gulu la Qadiriya ochita sikiri (kuimba kotamanda Mulungu) pamaliro ndi a sukuti oyenda chete. Mwalimu wanzeru samukokera mbali, amamulangiza kuti asasiye kulemekeza makolo ake ngakhale akhale Akhristu.

Pamene pakufunika khama ndi pambuyo pa shahada. Tsiku lolowa anthu amamukumbatira ndi takbira, mfuu ya "Allahu Akbar", koma miyezi yotsatira imafuna munthu womuyendera, womuwongolera Fatiha, womuitana pa Eid pamene kwawo sakumuphikira.