Randi imene sidutsa pa Mwanza

Abale athu a ku Mayfair ndi ku Turffontein kuno ku Joni akangodziwa kuti ntchito yanga ndi ya zachuma, funso lawo limakhala limodzi: bwanji randi yomweyo, ukatumiza panjira yovomerezeka amayi kumudzi amalandira makwacha ochepa, koma ukapereka kwa munthu wamseri amalandira ochuluka?

Gwero lake ndi lakuti kwacha ili ndi mitengo iwiri. Wina ndi umene amalengeza a Reserve Bank of Malawi, winawo ndi umene anthu amagulira ndalama yakunja akaisowa kubanki. Dziko lathu limagula kunja katundu wa ndalama pafupifupi katatu kuposa zimene timapeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina. Mafuta, feteleza ndi mankhwala zonse zimafuna madola. Madolawo akachepa, wamalonda amene wadikira miyezi kubanki amakawasaka kwina, ndipo amalipira mtengo uliwonse.

Apa ndi pamene inu ndi ine timalowerapo. Wamalonda wa ku Limbe akufuna randi yogulira katundu ku Dragon City, msika wa katundu wopikulitsa wa ku Joni. Inu muli ndi randi koma mukufuna makwacha afike ku Mangochi. Mumapereka randi kwa mnyamata wake kuno ku Joni, iye n'kutumizira amayi anu makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba. Randiyo sinawoloke Limpopo, sinadutse pa Mwanza, sinalowe m'banki iliyonse ya ku Malawi. Yasanduka mabelo a zovala ndi makatoni a sopo pabasi. Ndiye thukuta la anthu athu masauzande ambiri limadyetsa mabanja ndithu, koma silifika m'thumba limene dziko limagulira dizilo.

Sindingamuloze chala mlongo wanga wogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Randburg chifukwa chosankha njira imeneyi. Mitengo ya mafuta ophikira ndi sopo kumudzi imatsata mtengo wamseriwo, choncho wotumiza movomerezeka amaluza kawiri. Komabe dziwani kuti lamulo silivomereza malonda otere, ndipo munthuyo akathawa nayo ndalama mulibe kokadandaula. Ndawaona amayi akulira chifukwa cha malipiro a mwezi wathunthu.

Bungwe la IMF, lobwereketsa ndalama kumayiko, limati mankhwala ake ndi kuyandikitsa mitengo iwiriyi. Boma linayesa: mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Mwezi womwewo IMF inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni ya zaka zinayi. Koma mgwirizanowo unafera m'njira mu Meyi 2025, titalandira gawo loyamba lokha, ndipo mtengo wamseri unali utathawanso.

Ine ndimaona kuti kugwetsa kwacha pakokha n'kutunga madzi ndi dengu. Ngati boma likupitiriza kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera pamisonkho, n'kumakongola m'mabanki a m'dziko momwemo, makwacha amachuluka pomwe madola ali omwe aja. Mpata wa pakati pa mitengo iwiri ija umatsekeka miyezi yochepa kenako n'kutsegukanso, ndipo amene wapsa ndi mphunzitsi ndi mlimi, amene malipiro awo sanasunthe. Zimandiwawa kuti nkhani imeneyi imakambidwa ku Washington ndi ku Capital Hill popanda wofunsa ife amene timatumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

Pali chinthu china chimene mungachione nokha. Madola ambiri amalowa m'dziko msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo. Msikawo ukatsekedwa, nthawi yoitanitsa feteleza imakhala yakwana, ndipo kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi madola amasowa kwambiri. Imeneyo ndi miyezi yomwe mizere ya pamalo omwetsera mafuta imatalika, yomwenso foni zochokera kumudzi zopempha ndalama ya chimanga zimachuluka.