A Fundi ndi mkangano wa njerwa ku Mangochi

Nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa pa Shire m'tauni ya Mangochi inamangidwa mu 1903, pokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901. Pambali pake pali mfuti ya sitima yankhondo ya Gwendolen ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Njerwa za nsanjayo zidakali nji, koma amene anaponda dothi lake, kuliumba ndi kuliyala mzere ndi mzere, palibe amawatchula. Malume anga, amene tinawaika m'manda chaka chatha mvula itangoyamba, anali a mtundu wa anthu amenewa. Anamanga nyumba zambiri kuyambira ku Malindi mpaka ku Monkey Bay, ndipo konse kumeneko ankangodziwika kuti a Fundi.

Njerwa yootcha si yakale kwambiri kuno. Azungu asanakhazike linga lawo la Fort Johnston m'zaka za m'ma 1890, mudzi wa Mponda unali kale waukulu, wa malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo nyumba zake zinali za mitengo yophomedwa ndi dothi, denga la udzu. Zambiri zinali za makona anayi, potengera zimene amalonda achiyawo ankaona kugombe la nyanja yamchere. Mizati ankaifuna ya tsanya chifukwa chiswe chimaulephera mtengo umenewu. Atsamunda atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895, anamanga linga lina m'mapiri a kum'mawa, njira ya ku Namwera, ndipo zipupa zake za miyala zilipobe. Kuchigwa kuno, boma ndi amishoni ankamanga ndi njerwa. Amishoni a Anglican a kwa Mponda ndi ku Malindi, omwe aja analumikiza sitima ya Chauncy Maples imene inayamba kuyenda panyanja mu 1901, ankafuna matchalitchi, sukulu ndi zipatala, choncho anaphunzitsa anyamata ukalipentala ndi zomangamanga. Mmisiri amene anaphunzitsa malume anachokera m'manja amenewo.

Malume anayamba ntchito tauni ikutchedwabe Fort Johnston, ali mnyamata wokanda matope ndi kuponyera njerwa amisiri pakatawala. Sukulu sanapite nayo patali. Koma akagwira chingwe, sikweya ndi levulo, kona imatuluka yowongoka moti ngakhale a foromani ochokera ku Zomba ankangogwedeza mutu n'kupitirira.

Pa njerwa ndiye anali ovuta. Dothi ankalisankha okha, amalifinya m'manja, nthawi zina amalilawa ndithu. La mchenga wambiri ankalikana, la makande lokhalokha ankati limang'aluka likamauma, ndiye ankasakaniza ndi la pachulu. Chikombole chimayamba chaviikidwa m'madzi, njerwa zikaumbidwa zimafunditsidwa udzu kuti dzuwa la kuno lisaziphulitse. Posanja uvuni ankasiya makomo a moto pansi, kunja n'kumata ndi matope. Moto umayatsidwa madzulo pang'onopang'ono, ndipo utsi woyera ukamatuluka iwo ankati njerwa zikadatuluka thukuta, wosonkhezera asapupulume. Utsiwo ukatha m'pamene ankalowetsa zipika zikuluzikulu, anthu n'kuchezera usiku wonse, ena akuwotcha chinangwa pamakala. Uvuni ukazizira ankatenga njerwa ziwiri n'kuzigundanitsa pafupi ndi khutu. Zikalira ngwee, zapsa. Zikalira phu, mwini nyumba ankauzidwa pamaso kuti zimenezo akamangire khola la nkhuku.

Kwa nthawi yaitali ntchito yotere inali ya boma, amishoni, amwenye a masitolo ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja monga a ku Nkopola. Munthu wamba ankagona m'nyumba ya zidina kapena ya mdindo. Zinthu zinayamba kusintha ndi ndalama za kumigodi ya ku Joni. Amuna obwera ku Wenela ankafika ndi njinga, wailesi ndi ndalama ya malata, ndipo malata sakhala bwino pa khoma lophoma. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha anthu ochokera kumigodi, Kamuzu anaimitsa ulendowo, kenaka unayambiranso pansi pa TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ataitseka njira imeneyo, anyamata a kuno anapeza zawo zopitira ku Joni, ndipo lero mukayenda ku Namwera, kwa Katuli kapena kwa Makanjira mudzaona nyumba za njerwa zofika pa lintala, zikudikira kuti mwini wake atumize ina kuchokera ku Johannesburg kapena ku Durban. Onjezanipo sukulu yaulere ya pulayimale imene inayamba mu 1994, ndi zitukuko za MASAF, thumba lothandiza chitukuko m'midzi, zimene zinkafuna kuti mudzi uumbe njerwa zake boma lisanabweretse simenti ndi malata. Mauvuni anali pamudzi uliwonse. Zaka zimenezo malume sankakhala pansi: mzikiti uku, tchalitchi uko, buloko ya sukulu kwina. Sankasankha chipembedzo pa ntchito, amangofunsa tsiku limene eni ake sagwira.

Munthu yemweyu ndi amene sankatha kukhala sabata osalowa m'tchire kapena kukwera bwato. Ankadziwa kumene nkhwali zimamwera, mphako za njuchi m'milambe, ndi nthawi imene mwera uyambe pongoyang'ana mitambo ya tsidya. Ife adzukulu ndi aphwawo tinaphunzira kwa iwo kupalasa osachita phokoso pamene pali mvuu, ndi kusaika mwendo m'madzi a m'bango la pa Shire. Tsiku lina ku Malombe ndinakola kachambo kakang'ono ndi mbedza, ndili wokondwa, iwo anangoti, "Mphwanga, kabwezereni kwa amake aka, mudzakatenga kakakula." Kanabwereradi m'madzi.

Nyanja ya Malombe anaiona ikutha chambo. Ankakamba za nthawi imene nsomba imeneyi inali ndiwo wamba, kenaka makoka a maso ang'onoang'ono ndi ena otchedwa nkacha anachuluka, akukokolola ndi udzu womwe wa pansi pamene nsomba zimaswera, mpaka asodzi anayamba kudalira kambuzi. Makomiti a m'madoko atayamba m'zaka za m'ma 1990, iwo anali mbali ya otseka nyanja nthawi yoswana, ndipo anadana nawo ena chifukwa cha zimenezi. Njovu za ku Phirilongwe, zimene zinkaononga minda ndi kupha anthu, zitasamutsidwira ku Majete mu 2009, anthu ambiri anavina. Malume anavomereza kuti zipite, koma anachenjeza kuti nkhwangwa tsopano zilowa m'phirimo mopanda mantha.

Apa m'pamene pali nkhani yovuta, ndipo ine sindiibisa ngakhale ndi malume anga. Uvuni umodzi wa nyumba yabwino umadya mitengo ikuluikulu, osati tinthambi. Umafuna tsanya, mtondo, msangu, ndipo zimenezi zitasowa anthu anayamba kugwetsa ndi mango omwe, amene makolo anabzala. Makala, minda yatsopano ndi nkhuni zowambira nsomba zatha mitengo yambiri, inde, koma njerwa nazo zili ndi gawo lake, ndipo mauvuni ambiri a dera lathu anasanjidwa ndi manja a munthu amene ankadandaula kwambiri za kutha kwa tchire. Iwo ankadziwa. Chimene ankachita n'kukana mtengo wa m'mbali mwa mtsinje, ndi wa kumanda, ndiponso kuumiriza mwini nyumba kubzala mitengo kuseri asanamupatse makiyi. Ena ankabzala, ena ankalonjeza chabe. Kunena zoona, zobzalidwazo sizinafike n'komwe pa zimene zinapsa.

Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu, kuti m'malo mwake pazikhala mabuloko a simenti kapena njerwa zotsindira za dothi losakaniza simenti. Chaka chomwecho nkhalango ya Mangochi inaperekedwa m'manja mwa bungwe la African Parks, limene linkayang'anira kale malo osungira nyama zakutchire a Liwonde. Amisiri a kuno anagawikana. Achinyamata ophunzira ku makoleji a ntchito zamanja anati buloko ndi yachangu, khoma limakwera tsiku limodzi, ndipo simenti yomangira imalowa yochepa. Akuluakulu anati simenti ndi yodula, munthu wa kumudzi sangaikwanitse, pamene dothi ndi lake, madzi ndi a pachitsime, ndipo mphamvu ndi za ana ake. Anawonjeza kuti oumba mabuloko ambiri amachulukitsa mchenga kuti thumba limodzi libale mabuloko ochuluka, ndiye buloko yotere mukaikanda ndi chala imayoyoka. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona, n'chifukwa chake mkanganowu sukutha. Anthu amayembekeza kuti a Fundi akhala mbali ya akuluakulu anzawo. Iwo, maso atayamba kale kuchita chidima, anapita kukakhala pansi kwa mnyamata amene anamuphunzitsa okha, kuti awaonetse kayalidwe ka buloko. Sanaikonde. Ankati nyumba yake imatentha m'mwezi wa Okutobala ndipo msomali sugwira bwino. Koma ntchito zawo zomaliza anazimanga ndi mabuloko, atayamba aponya imodzi pansi kuti aone ngati isweke.

Za pabanja ndinene mwachidule. Anakwatira chikamwini, kumudzi kwa azakhali. Akulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, n'chifukwa chake amuna ambiri a nthawi yawo sankamanga nyumba yolimba kwa mkazi, poopa kuti banja likatha adzachoka ndi kabulangete kokha. Malume anamanga ya njerwa, ya khonde lalikulu, pa malo a apongozi awo, abale awo akuwaseka. Anamangiranso mayi awo kwathu kuno, kuti pasakhale wonena kuti aiwala mbumba. Ana onse, aakazi omwe, anawatumiza kusukulu ndi ndalama ya mpeni womangira, ndipo analera ana a mlongo wawo, ine mmodzi wa iwo, osasiyanitsa mbale. Asanamwalire anaitana mbali zonse ziwiri pamaso pa a mfumu n'kunena kuti nyumba ndi ya azakhali ndi ana, zida za ntchito ndi bwato n'za aphwawo. Pamaliro panalibe wokoka katundu.

Chimene sananene ndi cha chiliza chawo. Mwana wawo wamkulu, amene ali ku Joni, watumiza kale ndalama ya simenti ndipo akuti bambo ake anasiya njerwa, choncho pamanda pawo paikidwe mabuloko. Azakhali akuti ayi, kuseri kwa nyumba kuli njerwa zotsala pa uvuni womaliza umene amuna awo anasanja okha, mtengo wake unapsa kale, ndipo sakuona chifukwa chozisiyira mbuzi kuti zizikwerapo. Akambirana pa foni kangapo osamvana. Chilizacho chimangidwa anthu akakolola, ndipo mmisiri wake ndi mnyamata uja wa mabuloko. Titamufunsa maganizo ake anati iye abwera ndi chingwe ndi levulo, amanga ndi chimene akachipeze pamalopo.